Liphwanyeni kaye funso musanayambe kulemba asayimenti

Ambiri mwa Amalawi amene tikuphunzira kuno ku Joni, kaya ku Wits ku Braamfontein, kaya ku UJ ku Auckland Park ndi ku Doornfontein, kaya pa UNISA usiku titaweruka kuntchito, asayimenti ikabwera ndi malikisi 46 timathamangira kuloza chala Chingerezi chathu. Nthawi zina vuto limakhaladi galamala. Koma mapepala ambiri amene anzanga amabwera nawo kuti ndiwaonere, Chingerezi chake chimakhala chomveka bwino lomwe. Chowagwetsa ndi chimene lekichala walemba m'mphepete, kuti munthuyo sanayankhe funso. Wawerenga, wachezera usiku, wadzaza masamba asanu ndi limodzi, koma wayankha funso lina limene wadzifunsa yekha.

Chizolowezichi tinachoka nacho ku sekondale. Pa mayeso a MSCE, munthu ukangoona mutu umene unaloweza, umakhuthula manotsi onse papepala, wochonga n'kutolamo mfundo zimene akufuna n'kukupatsa malikisi. Ku yunivesite njira imeneyo ikhoza kukukwawitsani mpaka pa 50, pamene kukhoza kumayambira, koma pa 75 pamene pamayambira distinction simudzapondapo. Wochonga wa kuno sakuyeza kuchuluka kwa zimene mukudziwa. Akuona ngati mwagwira ntchito imene wakutumani. Telala mutamupatsa nsalu kuti akusokereni shati, iye n'kusoka thalauza, ngakhale ulusi utawongoka chotani simungamulipire.

Zimene ndikufotokoza apazi muzichite musanatsegule buku lililonse. Ola limodzi limakwana.

Pezani funso lenileni, lonse lathunthu

Musadalire funso limene mnzanu walemba pa gulu la WhatsApp la kalasi. Anthu polemba mwachangu amadula mawu, ndipo mawu amene amadulidwawo nthawi zambiri ndi amene ali ndi malikisi. Pitani kumene lekichala analiika yekha. A ku UNISA yang'anani mu Tutorial Letter 101 ndi pa myUnisa, a ku Wits pa Ulwazi, ena onse mu kabuku ka kozi yanu. Tengani zonse zimene zili pamenepo: funsolo, chiwerengero cha mawu, tsiku lopereka, kalembedwe ka mabuku amene mwagwiritsa ntchito ngati ndi Harvard kapena APA, ndi pepala losonyeza kagawidwe ka malikisi limene amati rubric.

Kenaka kopererani funsolo ndi dzanja pamwamba pa pepala loyera, mukusiya mpata waukulu pakati pa mizere. Dzanja limayenda pang'onopang'ono kuposa diso, ndiye limagwira timawu timene diso limadumpha.

Kuti tisamalankhule za m'malere, ndakonza funso lachitsanzo, la mtundu umene mungakumane nawo ku History kapena ku Development Studies:

"Critically evaluate the impact of labour migration to the South African mines on rural households in Malawi between 1950 and 1974."

Mmalawi aliyense akaona funso limeneli mtima umadumpha, chifukwa nkhani ya Wenela ndi Theba, kampani imene inkalemba anthu opita ku migodi, tonse tili nayo m'banja. Agogo a wina anabwera ndi njinga ndi wailesi, a wina anatchona osabwereranso. Pamenepo ndiye pali msampha. Funso limene mukulidziwa kwambiri mutu wake ndi limene mungasochere nalo msanga, chifukwa muli ndi zambiri zoti munene.

Zungulizani mneni amene akukulamulani

Funso lililonse lili ndi mneni amene akukuuzani chochita. Mupezeni, mumuzungulize ndi cholembera. Apa ndikhalitsapo, chifukwa malikisi ambiri amatayikira pomwepa.

Aneni ena amangofuna kuti muonetse chinthu mmene chilili. Describe, outline ndi summarise ali m'gulu limeneli. Mukafunsidwa motero, nenani zimene zinachitika mwadongosolo, basi, osayamba kugamula milandu. Explain amapitirira pang'ono: akufuna chifukwa chake ndi njira imene chinthu chinachitikira. Munthu atafunsidwa kuti achite explain kupita kwa amuna a ku Nyasaland ku migodi, ayenera kulowa mu msonkho wa nyumba umene atsamunda ankafuna kuti ulipiridwe ndi ndalama, kusowa kwa ntchito zolipira bwino kumudzi, ndi mmene Wenela inkalembera anthu. Kungondandalika zaka ndi mayina a migodi sikuyankha explain.

Analyse akufuna kuti chinthucho muchigawe m'zigawo zake, muonetse mmene chigawo china chikukokera chinzake. Compare akufuna zinthu ziwiri ziikidwe pamodzi, kufanana kwake ndi kusiyana kwake. Apa anthu amalakwa mwanjira imodzimodzi: amalemba masamba awiri a chinthu choyamba, masamba awiri a chachiwiri, n'kumusiyira wochonga ntchito yofananitsa. Ntchito imeneyo ndi yanu. Sankhani mfundo zitatu kapena zinayi, ndipo pa mfundo iliyonse zinthu ziwirizo zikumane m'ndime imodzi.

Discuss ndi mneni wonyenga. Amaoneka wofatsa, ngati akukupatsani ufulu wocheza. Koma amafuna kuti muonetse mbali zosiyanasiyana za nkhaniyo, ndi umboni wake, kenaka munene pamene inu mwaima. Evaluate ndi assess ndi akuluakulu ake: akufuna muyeze, mugamule. Ndipo simungayeze popanda muyeso. Mu funso lathu lija, mukati kupita ku migodi kunathandiza mabanja, kunawathandiza poyeza ndi chiyani? Ndalama zolowa m'nyumba? Chakudya cha m'nkhokwe? Kulimba kwa maukwati? Thanzi la amuna obwerera ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi? Muyesowo muusankhe nokha ndipo muutchule poyera m'chiyambi.

Liwu lakuti critically limasokoneza anthu ambiri, amaliyesa lamulo loti adzudzule chilichonse. Ayi. Likukuuzani kuti musameze zimene mwawerenga osatafuna. Wolemba bukuli umboni wake anautenga kuti? Ngati ziwerengero zake zinachokera m'mabuku a kampani yolemba anthu ntchito, kodi amene ankapita okha pa selefu, osadzera ku Wenela, akuwerengedwamo? Ngati anacheza ndi amuna okhaokha, mawu a amayi amene anatsala akulima okha ali kuti? Mafunso otere ndi amene wochonga akuwasaka akalemba critically.

Palinso mafunso oyamba ndi to what extent. Amenewa safuna inde kapena ayi, amafuna mlingo. Mutafunsidwa kuti chipolowe cha ophunzira a ku Soweto cha pa 16 June 1976 chinayamba pa mlingo wotani chifukwa cha lamulo la chilankhulo, simungangolemba za lamulo la 1974 lokakamiza kuphunzitsa maphunziro ena m'Chiafrikaans n'kusiyira pomwepo. Muyenera kuliyeza lamulolo pambali pa zifukwa zina, monga Bantu Education Act ya 1953 ndi mphamvu ya maganizo a Black Consciousness a Steve Biko ndi anzake, kenaka munene kuti chilankhulo chinali phata kapena chinangoyatsa moto pa udzu wouma kale. Funso lotere latchula chifukwa chimodzi, koma likuyembekeza kuti zinazo mubwere nazo nokha.

Chenjezo limodzi: ma dipatimenti sagwiritsa ntchito aneniwa mofanana ndendende. Discuss wa ku Law ndi discuss wa ku Nursing akhoza kusiyana. Ngati kabuku ka kozi kali ndi tsamba lomasulira mawuwa, tsatirani limenelo, osati ine.

Siyanitsani mutu ndi phata lake

Dulani mzere umodzi kunsi kwa mutu waukulu, ndi mizere iwiri kunsi kwa phata. Mu chitsanzo chathu mutu ndi kupita kwa anthu ku migodi. Phata ndi zimene kupitako kunachita ku mabanja a kumudzi. Choncho maso a chimangirizo chanu ayang'ane ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ku Dedza, ku Ntcheu, osati pansi pa mgodi ku Witwatersrand. Moyo wa m'makomboni, ngozi za pansi, kupezeka kwa golide mu 1886, zonsezo n'zosangalatsa kulemba, koma zilowe pokhapokha ngati zikufotokoza china chimene chinafika pakhomo kumudzi. Malipiro a mumgodi alowe, chifukwa gawo lina ankalisunga kuti munthu akalandirire kwawo, ndipo ndalama imeneyo inkafika m'manja mwa banja. Kuzama kwa migodi kusalowe.

Jambulani malire

Tsopano funani mawu onse amene akuchepetsa funso: nthawi, malo, gulu la anthu, chiwerengero cha zitsanzo. Aikeni m'bokosi.

Zaka za 1950 mpaka 1974 sizinangoikidwa mwangozi. Mukaona zaka m'funso, dzifunseni kuti lekichala wazisankhiranji. Chaka cha 1974 ndi chimene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, mu April, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera ku migodi, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ndiye funsoli likuthera pamene nyengo ina inathera. Kuyambiranso kwa ntchitoyi mu 1977 pansi pa TEBA (Theba uja, dzina latsopano la Wenela), ndi kutha kwake mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a HIV, zili kunja kwa mpanda. Mukhoza kuzikhudza ndi chiganizo chimodzi m'mathero, koma ndime yathunthu ayi.

Onaninso kuti zakazi zikudutsa pakati pa maboma atatu: Nyasaland wa atsamunda, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, ndi Malawi wodzilamulira kuyambira 1964. Funso langoti Malawi, koma wophunzira wotsegula maso anena m'chiyambi kuti dzikoli linali Nyasaland kwa zaka zoposa theka la nyengoyi, ndipo adzifunsa ngati kusintha kwa boma kunasintha kalikonse pakhomo pa mayi wa ku Embangweni. Mfundo imeneyo simukanaipeza mukanathamangira ku Google. Yatuluka m'funso momwemo.

Malire a malo nawonso ndi olimba. Amalawi ochuluka ankapita ku Southern Rhodesia (Zimbabwe wa lero), ku mafamu ndi ku migodi ya kumeneko, ena ku Copperbelt. Funso lati migodi ya ku South Africa. Buku labwino lonena za Salisbury (Harare wa lero) mulisiye pambali ngakhale likukomereni chotani. Ndipo moyo wathu wa lero, wa ife amene tikugwira ntchito m'nyumba za ku Sandton ndi m'mashopu a ku Mayfair n'kumatumiza ndalama pa Mukuru, suli m'funsoli m'pang'ono pomwe, ngakhale dzanja liyabwe kufuna kuulemba.

Fufuzani timawu ting'onoting'ono ndi zobisika

And, or, either, at least two, using examples from, with reference to. Timawu timeneti timasintha ntchito yonse. Funso likati causes and consequences ndiye kuti ndi mafunso awiri ovala malaya amodzi, ndipo mukayankha limodzi mwataya theka la malikisi. Likati with reference to two theories, chimodzi n'chosakwana, zitatu mwawononga mawu. Onaninso ngati dzina lili lochulukitsa: factor ndi factors sizofanana.

Kenaka yang'anani mawu amene akuoneka odziwika koma akufunika kuwamasulira. Household mu funso lathu ndi chiyani? Kwa anthu a chikamwini a m'chigawo chapakati ndi kumwera, mwamuna akachoka mkazi amatsala pa mudzi wa kwawo, pa munda wa mbumba yake, pafupi ndi alongo ake. Kwa anthu olowola a kumpoto mkazi amatsala kwa apongozi. Kuchoka kwa mwamuna sikungagwere mabanja awiriwa mofanana. Mukaona zimenezi mwapeza kale msana wa chimangirizo chanu, ndipo mwazipeza chifukwa ndinu Mmalawi. Mnzanu wa ku Polokwane ayenera kukaziwerenga m'buku.

Mafunso ena amabisa ganizo m'kati, ngati kuti nkhaniyo inagamulidwa kale. Funso lofunsa chifukwa chimene ndondomeko ina inalepherera latenga kale kuti inalephera. Muli ndi ufulu wofunsa ngati inalepheradi, bola mukhale ndi umboni. Mafunso oyamba ndi mawu ogwidwa a katswiri wina kenaka n'kuti discuss amakhala otero kawirikawiri: sakukupemphani kuti muombere m'manja katswiriyo.

Linenereni m'Chichewa

Iyi ndi njira imene ndimaikhulupirira kuposa zonse. Tembenuzani pepala, mulembe funsolo m'Chichewa, m'mawu anuanu, ngati mukuwafotokozera amalume amene sanapite patali ndi sukulu. Lathu lija lingamveke motere: amuna atapita ku migodi ya ku Joni pakati pa 1950 ndi 1974, mabanja otsala kumudzi anapindula kapena anavutika, m'njira ziti, ndipo umboni umene ulipo ndi wodalirika bwanji?

Chingerezi chimalola munthu kubisala. Ukhoza kubwereza mawu akuluakulu a m'funso, kuwasuntha pang'ono, n'kumadziona ngati wamva. M'Chichewa mulibe pobisala. Pamene lilime lakakamira, pamene mwalephera kupeza mawu n'kungobwereza Chingerezi chomwecho, pamenepo ndi pamene simunamvetse, ndipo kuwerenga kwanu kuyambire pomwepo. Mukatha, tembenuzaninso pepala muyerekeze ndi funso loyamba lija, liwu ndi liwu. Chimene chasowa m'Chichewa chanu chikanasowanso m'chimangirizo.

Sandutsani funso lalikulu kukhala timafunso

Pansi pa funso lija lembani timafunso tinayi kapena tisanu timene muyenera kuyankha kuti lalikululo liyankhike. Ndalama zinkafika zochuluka bwanji, ndipo zinkagwira ntchito yanji? Ntchito ya kumunda imene amuna ankagwira, monga kuswa mphanje, anaitenga ndani? Mabanja a matchona zinawathera bwanji poyerekeza ndi a amene ankabwerera pakutha pa kontirakiti? Zinasiyana bwanji kumpoto ndi pakati? Olemba mbiri akutsutsana pati?

Timafunso timeneti ndi timene mupite nato ku laibulale kapena pa Google Scholar. Data ndi yodula, nthawi ya munthu wogwira ntchito masana ndi yochepa. Wopita ndi mutu wokha amatsitsa nkhani makumi awiri n'kumira. Wopita ndi timafunso amatsegula nkhani, n'kuona msanga ngati ili ndi yankho la kamodzi mwa timafunso take, ngati ilibe n'kuitseka.

Musananyamuke, lembani chiganizo chimodzi chongoyerekeza yankho lanu. Mwachitsanzo: ndalama za ku migodi zinakweza mabanja ena, koma phindulo linadalira ngati mwamuna ankabwerera ndiponso mtundu wa ukwati wa deralo. Mwina mukawerenga mudzachisintha, ndipo kusinthako n'kwabwino. Ntchito yake n'kukupatsani choti muzitsutsana nacho powerenga. Ena masiku ano amangoponya funso mu ChatGPT. Pambali pa nkhani ya malamulo a sukulu ndi Turnitin, pulogalamu yofufuza ngati mwakopera ntchito ya ena, vuto lake n'lakuti ngati inu simunaliphwanye funsolo, mulibe njira yodziwira kuti chimene chatulukacho chayankha funso kapena chazungulira mutu mokoma.

Gawani mawu motsatira malikisi

Tengani rubric ija. Ngati malikisi 40 pa 100 ali pa kulimba kwa mfundo ndipo 10 okha ali pa galamala, mwadziwa kumene thukuta lanu lipite. Ngati funso lili ndi zigawo ziwiri, china cha 30 china cha 70, mawu anu agawidwe chomwecho. Pa asayimenti ya mawu 2000, patulani pafupifupi 200 a chiyambi ndi 200 a mathero. Pa 1600 otsala a thunthu, gawo la 30 litenge ngati 480, la 70 litenge ngati 1120. Anthu amalemba kwambiri gawo loyamba chifukwa ndi losavuta ndipo mphamvu zikadalipo, n'kufika pa gawo la malikisi ambiri mawu atatha. Lembani manambalawo pambali pa kafunso kalikonse.

Funsani, koma mufunse mwanzeru

Ife tinaleredwa kuti mphunzitsi safunsidwafunsidwa, ndipo kukhala mlendo m'dziko la eni kumawonjezera manyazi. Koma safunsa anadya phula. Malekichala ali ndi maola okumana ndi ophunzira, makozi ambiri ali ndi ma tutor, ndipo Wits ndi UJ onse ali ndi writing centre kumene mungapite ndi funso lanu ngakhale musanalembe kanthu. A ku UNISA lembani imelo kuchokera pa adiresi yanu ya myLife, mutchule nambala ya module.

Kafunsidwe kake ndiko nkhani. Mukalemba kuti simukumva funso, akubwezerani ku kabuku ka kozi. Lembani mmene inu mwalimvera, m'ziganizo ziwiri, kenaka mufunse chinthu chimodzi chenicheni, monga ngati amene ankapita pa selefu akulowa m'funsoli kapena ndi a Wenela okha. Funso lotere limayankhidwa msanga. Ndipo mufunse sabata yoyamba, osati usiku woti mawa n'kupereka.

Pepala lija musalitaye

Liikeni pambali pa kompyuta nthawi yonse imene mukulemba. Mukamaliza ndime iliyonse, werengani chiganizo chake choyamba, muyang'ane pepalalo, muone kuti ndimeyo ikuyankha kafunso kati. Lembani nambala ya kafunsoko m'mphepete. Pomaliza pake muona zinthu ziwiri: kafunso kamene kalibe ndime ndi imodzi yomwe, ndi ndime imene ilibe nambala. Koyambako mukalembere ndime yake. Yachiwiriyo nthawi zambiri imakhala imene munailemba mokoma kuposa zonse, ya agogo anu ndi sutikesi yawo yachitsulo pa Park Station. Idulidwe, muisunge mu fayilo ina, ndipo mawu 150 amene apulumukawo muwapereke ku gawo la malikisi ambiri.